Msana Wachiwiri: Mmene Ana Awiri Akhala Akuyendera ku Mchinji

Tsiku la sikelo pa chipatala chaching'ono chilichonse m'boma la Mchinji, kaya ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Nkhwazi, mzere umayamba dzuwa lisanawawe. Amayi amafika ndi timabuku ta kuchipatala titakulungidwa m'majumbo, ana ali kumsana. Pamzerepo sipalephera kupezeka mayi amene wabwera ndi ana awiri osatha kudziyendera okha: mapasa, kapena khanda ndi mkulu wake amene wangoleka kumene kuyamwa. Mayi wotereyu kawirikawiri safika yekha. Pambuyo pake pamabwera kamtsikana ka zaka 9 kapena 10, katamanga mfundo ya chitenje pachifuwa, mapazi a mwana akukagunda m'mawondo. Tsiku lina amakhala agogo, tsiku lina mng'ono wake wa mayiyo.

Ku London kapena ku Johannesburg, makolo a ana awiri otere amazunguzika ndi funso lina: agule chikuku chotani? Chilipo cha mipando yogundizana, ana kukhala phewa ndi phewa, koma n'chotambalala masentimita pafupifupi 75 ndipo pa zitseko zina chimakakamira. Chilipo cha mipando yotsogozana, wina kutsogolo wina kumbuyo, chimene chimalowa paliponse koma n'chachitali, chovuta kukhota nacho. Ku Mchinji, boma la anthu 602,305 malinga ndi kalembera wa 2018, vuto lomweli anthu akhala akulithetsa kwa zaka mazanamazana popanda gudumu. Mwana mmodzi amakwera kumsana kwa mayi ake, izo n'zodziwika. Mbiri yagona pa wachiwiriyo: ankamubereka ndani, pa chiyani, ndipo munthu ameneyo lero ali kuti?

Chakumapeto kwa 1866, David Livingstone anadutsa kufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umayambira, ali pa ulendo wolowera ku Luangwa. Zina mwa zimene analemba za midzi ya m'chigawo chimenechi ndi phokoso la kugogoda kosalekeza, anthu akusasantha makungwa kupanga nyanda. Khungwa ankaliviika m'madzi kapena m'matope akuda mpaka lifewe, n'kulisenda, kenako n'kumalimenya ndi kachibonga ka mutu wa phingo kokhala ndi timizere, mpaka litambasuke n'kukhala chovala. Mitengo ya mombo ndi mtondo, imene idakalipo m'nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, ndiyo inkaveka anthu. Koma nyanda sichedwa kutha, ndipo mwana ndi katundu wonyowetsa, wopalapata, wolemera mwezi ndi mwezi. Choberekera chodalirika chinali chikopa cha mbuzi kapena cha nyama yaing'ono yam'tchire monga gwape. Ankachifufuta mpaka chikhale lobodo, n'kuchidzoza mafuta a nsatsi, ndipo miyendo ya chikopacho ndiyo inkakhala zingwe zomangira pachifuwa. Imeneyi ndiyo mbereko.

Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi luso lawolawo la zikopa. A Mpezeni atakhazikika m'dziko la Achewa a Mkanda cha m'ma 1870, mitundu iwiriyi inayamba kukwatirana ndi kubwerekana miyambo, ndipo mpaka lero Mchinji ili ndi mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni pambali pa mafumu a Chichewa monga Mkanda ndi Dambe. Kumene Angoniwo anachokera, Azulu akuchitabe mwambo wa imbeleko, wopha mbuzi podziwitsa makolo akale za mwana wobadwa kumene, ndipo chikopa cha mbuziyo kale chinkakhala choberekera mwanayo.

Koma chikopa cha mbuzi chimakwana mwana mmodzi. Choncho mudzi wakale unkayamba ndi kuonetsetsa kuti mayi asakhale ndi makanda awiri nthawi imodzi.

Apa m'pamene panagona malamulo okhwima kwambiri a banja la Chichewa. Mwana akabadwa, mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Akatuluka, iye ndi mwamuna wake ankadikabe, osakhalira limodzi, chifukwa khanda linkatengedwa kuti ndi lozizira, ndipo munthu wotentha akalikhudza, kapena bambo akapita kumbali, mwanayo akanadulidwa. Mdulo, umene ena amati tsempho, unkaonekera pa kutupa miyendo ndi nkhope, kutsokomola, kunyentchera. Patapita miyezi, anankungwi ankalangiza banjalo mwambo wotenga mwana, umene ena amati kulowetsa mwana kumphasa, ndipo apa m'pamene khomo linkatseguka. Wansembe J. W. M. van Breugel, amene anafufuza zikhulupiriro za Achewa a m'chigawo chapakati, anafotokoza mwatsatanetsatane za mdulo ndi miyambo imeneyi m'buku lake limene linasindikizidwa mu 2001. Koma ngakhale mwana atatengedwa, kuima ndi pathupi pena iye asanayambe kuyenda bwinobwino ndi kudya nsima chinali chamanyazi chachikulu. Kumeneko ndiko kutumbiza. Akuluakulu ankaitana mwamuna ndi mkazi n'kuwakhazika pansi, ndipo mwana akayamba kufuwa tsitsi ndi kutupa masaya, mudzi wonse unkadziwa woloza chala.

Mwambowu suyenera kukometseredwa mopitirira. Mlandu wake unkagwera kwambiri mkazi, ndipo mwana wodwala malungo kapena wosowa magazi ankatha kutaya masiku akuluakulu akufunsana kuti wadula mwanayu ndani. Komabe chimene akuluakuluwo anaona chinali choona. M'zaka za m'ma 1930, dokotala Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast, Ghana ya lero, anafotokoza matenda a kwashiorkor, amene amagwira kwambiri mwana wochotsedwa kubere msanga chifukwa mng'ono wake wabwera. Zizindikiro zake n'zimene agogo a ku Mchinji ankazitcha utumbidwa. Ndipo lero bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 atabereka asanatenge pathupi pena. Anankungwi analibe kalendala, ankayang'ana miyendo ya mwana, koma nthawi yake inkafika pomwepo.

Kutalikitsa ana sikunathetse zonse. Mwana wa zaka zitatu amayenda, koma sangafike kumunda wakutali kapena kumaliro a mudzi wachitatu. Apa m'pamene pankalowa mlezi. Pa ukwati wa chikamwini, mwamuna ndiye amasamuka, mkazi n'kutsala pakati pa mbumba ya kwawo: mayi ake omubala, mayi aakulu ndi aang'ono, akulu ake, ang'ono ake, ana a onsewa. Mudzi wotere sunkasowa msana wopanda katundu. Mtsikana ankayamba ndi kubereka chitsononkho pa masanje, akuchigwedeza ndi kuchitonthoza, ndipo pofika zaka 6 kapena 7 ankapatsidwa mwana weniweni. Ankadziwa kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kwa tulo, ankadziwa nthawi yothamangira naye kumunda kuti akayamwe. Mwambi woti mwana wa mnzako ndi wako yemwe unali ndondomeko ya ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kwa Angoni, kumene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, dongosolo linali lina koma mapeto ake amodzimodzi. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, makamaka a ku Mzimba ndi a kwa Gomani, analemba m'buku lake la 1959 lotchedwa Children of Their Fathers kuti m'nyumba za akuluakulu khanda linkakhala ndi atsikana olilera, oyang'aniridwa ndi agogo a kuchimuna, ndipo agogowo ndiwo ankagamula tsiku loletsa mwana kuyamwa. Mwana akaleka bere ankasamukira kunyumba kwa agogo. Msana wa mayi unkatsala wopanda kanthu, kuyembekezera wotsatira.

Mapasa okha ndiwo sankamvera malamulo onsewa. Amabwera awiri tsiku limodzi, kawirikawiri asanakwane masiku, ang'onoang'ono, kwa mayi amene watopa kale. Mitundu ya anthu mu Africa inawalandira mosiyanasiyana. Ayoruba a ku Nigeria amawalemekeza ndipo ali ndi mayina awoawo, Taiwo ndi Kehinde. Ku Calabar, kumene mmishonale Mary Slessor anafika mu 1876, mapasa ankaopedwa mpaka kutayidwa. Kuno kwathu chimene chakhazikika n'chakuti mapasa sawasiyanitsa: chogulira mmodzi agulirenso mnzake, malaya ofanana, mbale zofanana, kuopa kuti wina angadandaule n'kudwala. Ndalama yake ndi yowirikiza, ntchito yake ndi yowirikiza, ndipo banja la mapasa lopanda agogo kapena mlezi linali pa ngozi yeniyeni.

Nsalu inalowa m'nkhaniyi pambuyo pa mfuti. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Mwana wake Nsingo, amene ankatsogolera ankhondo, anaphedwa mwezi wotsatira, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Linga la Fort Manning, lotchedwa dzina la msilikali William Manning amene anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, linasanduka boma, ndipo kutsidya kwa malire kunamera Fort Jameson, Chipata wa lero. Mu 1903 ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndalama inali ku minda ya azungu ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, choncho amuna ananyamuka. Ena anatchona. Obwerera ankafika ndi mabulangete, njinga, makina osokera ndi nsalu za akazi awo, ndipo m'masitolo a Mandala ndi a amwenye munkapezeka merekani woyera ndi biliwita wakuda. Pang'onopang'ono chikopa chinasiyira malo nsalu. Zifukwa zake mayi aliyense angazitchule: nsalu imachapika, imauma msanga, ndi yopepuka, imamangika pa thupi la munthu wamkulu ngakhale la kamtsikana. Ndipo nsalu ziwiri zinatheketsa chimene zikopa zinkavuta nacho, mayi mmodzi kunyamula ana awiri.

Chikuku nachonso chinafika nthawi yomweyo, koma chinalowera khomo lina. Chinabadwira m'nyumba za olemera a ku England. Mu 1733 William Kent anapangira ana a Duke of Devonshire kangolo kooneka ngati chigoba cha nkhono ya m'nyanja, koti kazikokedwa ndi mbuzi kapena kahatchi. M'zaka za m'ma 1850 Charles Burton anayamba kugulitsa ku London chikuku chokankha ndi manja, ndipo mu 1877 William Wilson anatsegula ku Leeds kampani imene ikudziwika mpaka lero kuti Silver Cross. Chikuku chopindika cha masiku ano chinatulukiridwa mu 1965, pamene Owen Maclaren, katswiri wopanga zida za ndege amene anali atapuma pantchito, anagwiritsa ntchito timapaipi ta aluminiyamu. Chilichonse mwa izi chinapangidwira msewu wosalala. Ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia chikuku chinabwera ndi akazi a mabwana a boma ndi a eni minda, ndipo wochikankha anali wantchito wakuda. Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza mbiri ya antchito a m'nyumba ku Zambia, anaonetsa kuti ambiri mwa antchito a m'nyumba za azungu anali amuna, ndipo akazi ochepa amene ankalembedwa ankalowera makamaka pa ntchito yolera ana. Manja oyamba a Chichewa kugwira chikuku ankakankha mwana wa mwini.

Dziko litalandira ufulu, Fort Manning anasanduka Mchinji, ndipo inayamba nyengo ya chitenje. Mu 1967 kampani ya David Whitehead and Sons inatsegula fakitale ku Blantyre, yoluka ndi kudinda nsalu kuchokera ku thonje la m'dziko momwemo. Ku Zambia kunali Kafue Textiles, kenako Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la China. Amayi a ku Mchinji anali ndi mwayi umene anzawo a ku Dowa kapena ku Ntchisi analibe: chipata cha Mwami chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera paboma, ndipo masitolo a ku Down Shops ku Chipata ali pafupi kuposa Lilongwe. Chitenje cha ku Zambia chinkawoloka malire m'zikwama, pamitu, ngakhale chitavalidwa kale m'chiuno, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri, olankhula chinenero chimodzi ndi okwatirana, sankaona chachilendo. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linakhazikitsanso chitenje ngati chovala cha mkazi aliyense mpaka pamene linachotsedwa nthawi ya kusintha kwa ndale mu 1993. Nsalu ya nkhope ya Kamuzu imene mbumba inkavinira pa msonkhano, mawa lake inkabereka mwana popita kuchigayo. Chiyambire nthawi ya zipani zambiri, makanda a ku Mchinji agonapo m'nsalu zachikasu, zabuluu, zalalanje ndi za tambala wakuda, m'nsalu za Chigwirizano ndi za amayi a Chikatolika, m'nsalu za mabungwe olengeza za katemera.

Kamangidwe kake n'kosavuta kukaona, koma kukachita n'kwina. Mayi amawerama, n'kumukhazika mwana pamsana, n'kuponya nsalu ya mamita awiri pamwamba pake, n'kuikokera pansi pa matako a mwanayo. Akafuna kugwira ntchito yowerama amamanga mfundo pamwamba pa mabere. Akakhala pa ulendo amadutsitsa nsonga imodzi paphewa, ina kukhwapa, kuti mwana akalira angomutembenuzira kutsogolo n'kumuyamwitsa osaima. Wa mapasa amatenga zitenje ziwiri n'kuzipingasitsa, wina kumbuyo, wina pachifuwa kapena pambali. Mwana wa chaka chimodzi amalemera makilogalamu pafupifupi 9, choncho awiri ndi 18, kutsala pang'ono kufanana ndi ndowa yodzaza ya malita 20, imene mwina ilinso pamutu. Ndipo mwana ali pachifuwa, khasu siligwirika. Kumunda wa mtedza kapena wa fodya mmodzi amayenera kutsika n'kugonekedwa pamthunzi, ndipo payenera kukhala wina womuyang'anira kuopa njoka, linthumbu ndi dzuwa likasuntha. Nsalu inapeputsa ulendo, koma kufunika kwa munthu wachiwiri sikunachoke.

Munthu wachiwiriyo ndiye anayamba kusowa. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira m'maboma a Mchinji ndi Kasungu, ndipo anakoka matenanti ochokera kutali, ena kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Banja la tenanti limakhala pa malo a bwana, kutali ndi mbumba, ndipo nthawi yothyola ndi kusoka fodya dzanja lililonse limafunika. Mlezi wa khanda amakhala mkulu wake, ngakhale mkuluyo ali ndi zaka zisanu. Kenako inafika Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, n'kuyamba kutenga amayi a msinkhu wobereka, mayi aang'ono ndi aakulu omwe, n'kusiyira agogo ana a nyumba zitatu. Ndiye mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pakati pa atsopanowo panali atsikana ambiri amene dzulo lake anali ndi mwana kumsana.

Palibe chifukwa cholirira masiku amenewo. Dongosolo lakale linkayenda bwino chifukwa kamtsikana kankalipira ndi ubwana wake, ndipo sukulu itabwera kankalipira ndi maphunziro ake. Kuti kalowe m'kalasi chinali chilungamo chochedwa. Chimene sichinachitike n'kufunsa kuti khanda limene kanali kubereka lipita kwa yani. Sukulu za mkombaphala zimalandira ana a zaka zitatu kupita m'tsogolo, osati oyamwa. N'chifukwa chake mpaka lero aphunzitsi a m'midzi amadziwa kuti mtsikana akajomba, kawirikawiri sikuti wadwala: mayi ake apita kuchipatala, kumsika kapena kuganyu.

Pamene miyambo ya kudika inkafooka, boma linachedwa kubweretsa cholowa m'malo. Ulamuliro wa Kamuzu Banda unatseka ntchito za kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo unadzazilola mu 1982, osati ngati njira yochepetsera ana koma yowatalikitsa. Anamwino ankalankhula chinenero cha anankungwi: mwana akule kaye, mayi apume. Banja La Mtsogolo linayamba mu 1987. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 pa avereji, ndipo mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ziwerengerozo zinali zitatsika kufika pa 4.4 ndi 63. Kutumbiza kunachepa, koma mapasa anatsalira m'mbuyo. Akatswiri awiri, Christiaan Monden ndi Jeroen Smits, analemba mu 2017 kuti m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi mmodzi mwa mapasa asanu aliwonse ankamwalirabe asanafike zaka zisanu.

Mchinji yakhala bwalo loyesera mayankho. Mu 2006 boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayambira kuno ndondomeko imene lero imadziwika kuti Mtukula Pakhomo. Inkasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena amene munthu mmodzi akusamala anthu oposa atatu, n'kumawapatsa pakati pa K600 ndi K1,800 pamwezi, kuwonjezapo K200 pa mwana wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Ambiri mwa olandira anali agogo olera adzukulu. Kuno n'kumenenso kuli Home of Hope, malo osungira ana amasiye amene Mbusa Thomson Chipeta anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dziko lonse linamva za malowa chifukwa cha woimba Madonna, amene mu 2017 anatengako atsikana awiri amapasa. Manyuzipepala anatanganidwa ndi woimbayo. Chimene chinayenera kuwawa anthu kwambiri n'chakuti mayi wa anawo anamwalira patangopita masiku ochepa atabereka, ndipo pamudzi panalibenso wokwanitsa kulera makanda awiri.

M'zaka zomwezo ntchito ya MaiMwana, yochitika mogwirizana ndi University College London, inakhazikitsa magulu a amayi m'midzi ya m'bomali ndi kuphunzitsa amayi odzipereka kuti aziyendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa. Maguluwo ankakambirana okha zimene zikupha amayi ndi makanda, n'kusankha chochita: madimba a ndiwo zamasamba, maneti a udzudzu, njinga za ambulansi zokoka kangolo. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Gudumu linalowa m'nkhani ya makanda a m'midzi ya Mchinji kudzera pa njinga yothamangitsira mayi kuchipatala.

Nthawi yonseyi, kutsidya kwa nyanja anthu ankaphunzira chimene kuno sichinaiwalike. Ann Moore, namwino wa ana wa ku America amene anagwira ntchito ku Togo ndi Peace Corps kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anachita chidwi ndi mmene makanda oberekedwa ankakhalira phee. Atabereka wake, iye ndi mayi ake anasoka kathumba koberekera kamene anakatcha Snugli, ndipo anakalembetsa mu 1969. Mu 1978, pa chipatala cha amayi ndi ana ku Bogotá ku Colombia, kumene makina ofunditsira makanda anali ochepa, dokotala Edgar Rey Sanabria anayamba kugoneka ana obadwa masiku asanakwane pachifuwa pa amayi awo, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Njira imeneyi, ya kangaroo, inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 n'kufalikira m'zipatala za m'maboma. Malawi ankaifuna kuposa wina aliyense: lipoti la 2012 la Born Too Soon linaika dziko lino pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wochitikira m'zipatala za maiko asanu kuphatikizapo Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti kuyamba kangaroo mwana akangobadwa, osadikira kuti alimbe kaye, kunachepetsa imfa za makanda aang'ono kwambiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chida chake m'zipatala zathu ndi chitenje ndi kachipewa koluka. Ndipo popeza mapasa ambiri amabadwa ochepa thupi, m'chipinda cha kangaroo funso lakale lija limafunsidwa poyera: mayi wamanga mmodzi, winayu amanga ndani? Amamanga agogo, amamanga azakhali. Ndipo anamwino akhala akulimbikitsa chinthu chimene mudzi wakale sukanachiganizira, kuti bambo avule malaya, akhale pansi, amumangirire mwana pachifuwa. Amuna ena amachita manyazi tsiku loyamba. Koma mwa anthu onse amene akanatha kunyamula mwana wachiwiri m'zaka zonsezi, bambo ndiye anali asanaitanidwepo, ndipo iye sali pa sukulu ngati mlezi, sanakalambe ngati agogo.

Nanga chikuku cha ana awiri lero chili pati? Msewu wa tala wa M12 umachokera ku Lilongwe mpaka pamalire, njanji inafika ku Mchinji mu 1980 ndi ku Chipata mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami. Katundu wa mtundu uliwonse akudutsa. Banja la paboma lolandira malipiro likhoza kupeza chikuku m'masitolo a ku Lilongwe kapena chogwiritsidwapo kale ntchito pakati pa katundu wa kaunjika, ndipo pakhonde, kutchalitchi kapena pa msewu wa paboma chimapumitsa msana wa mayi wa mapasa. Wogula ayenera kuyang'ana magudumu, chifukwa timagudumu ta pulasitiki timatitimira mumchenga, ayang'anenso ngati chikupindika, ndipo asachiphimbe ndi nsalu dzuwa likuswa mtengo, popeza mkati mumatentha msanga. Koma njira ya kumudzi ndi ya phazi limodzi, yodutsa pakati pa mizere ndi m'madambo, ndipo dzinja likafika ndi matope. Pa kabaza chikuku sichikwera, m'minibasi chimalipiritsidwa ngati katundu. Kumidzi ana awiri amayenda panjinga: khanda kumsana kwa mayi amene wakhala pa kaliyala, mkulu wake pa chitsulo kutsogolo kwa bambo.

Amayi a ku Malawi amene amachidziwa bwino chikuku cha ana awiri ndi aja ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, olembedwa ntchito yolera ana m'nyumba za eni. Amadziwa kuchipinda ndi dzanja limodzi, kumanga malamba, kuponda buleki pa chitunda. Ana awo enieni ambiri anatsala kumudzi ndi agogo, ndipo ndalama yotumiza kumapeto kwa mwezi ndiyo imagula sopo, likuni phala ndi chitenje choberekera.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inawonjezera masabata awiri a bambo, nawonso kamodzi pa zaka zitatu. Mayi amene wabereka kachiwiri zaka zitatuzo zisanathe alibe pogwira m'lamuloli, ndipo wobereka mapasa amawerengeredwa masiku omwewo ngati wobereka mmodzi. Mlimi wa mtedza wa ku Mkanda ndi mkazi wa tenanti wa pa esiteti, amene sali m'kaundula wa olandira malipiro a pamwezi, masabata amenewa sawafikako n'komwe.